Zibenthu za Chipanda pa Mabotolo a Bambo

Bambo anga adayamba kufa maso ndili m'chaka choyamba kukoleji. Matenda a shuga adawadya pang'onopang'ono, monga mmene chiperoni chimabisira phiri la Chiradzulu: lero nsonga yokha, mawa phiri lonse osaoneka. Pofika tchuthi chachitali cha chaka chachiwiri n'kuti akungotha kusiyanitsa usana ndi usiku. Matendawo sadalekere m'maso mokha. Adalowanso m'zala ndi m'mapazi, moti iwo ankati manja awo akumveka ngati wina wawaveka masokosi aubweya.

Ankamwa mankhwala a mitundu itatu: a shuga m'mawa, a kuthamanga kwa magazi masana, ndi oziziritsa moto wa m'mapazi madzulo. Onsewo adali timapiritsi toyera, m'mabotolo atatu ang'onoang'ono ofanana ndendende. Mayi amagulitsa tomato ndi kabichi ku Limbe. Ankakwera minibasi pa Njuli kusanache n'kubwerera dzuwa litalowa, choncho tsiku lonse bambo ankakhala okha. Mayi adayesa zonse zomwe adaziganiza. Adamanga ulusi pakhosi pa botolo limodzi, koma zala za bambo sizidaumve. Adasamutsira mapiritsi ena m'bokosi la machesi, koma adagwidwa chinyontho n'kuyamba kunyenyeka. Adaika botolo lina pawindo, lina pansi pa pilo, lina pathebulo, ndipo njira imeneyi ikadathandiza bambo akadakhala munthu wokhala pakhomo. Koma iwo ndiwo ankatsogolera mapemphero a mphakati wathu, ankayendera odwala, ndipo sankaphonya maliro. Ndi ndodo yawo ankazungulira okha mudzi wonse, mabotolo onse atatu ali m'thumba la jekete.

Tsiku lina, ine nditatsala pang'ono kutsekera, adamwa mankhwala a shuga kawiri asanadye chamasana. Mayi wina woyandikana nafe adawapeza ali kwala pafupi ndi khola la mbuzi, thukuta lili kamukamu. Adawathamangitsira kuchipatala cha pa Njuli ndipo adatsitsimuka. Mbiriyo sidachedwe kufika ku Nchema, kwawo kwa bambo.

Kwathu mwamuna amakakhala kumudzi kwa mkazi wake. Bambo adamanga nyumba m'mudzi wa mayi ine ndisanabadwe, komabe mwa mwambo akadali mkamwini, ndipo mkamwini akadwala kwambiri abale ake ali ndi mphamvu yodzamutenga kuti akamudwazikire kwawo. Mkazi akakaniza, chilichonse choipa chimene chingachitike mlandu wake umagwera iye ndi abale ake. Ine nditangofika pakhomo, azakhali, alongo awo aakulu a bambo, adatulukira pakabaza. Adakhala pamphasa, adamwa madzi, adafunsa moyo wa aliyense, kenaka adatembenukira kwa mayi.

"Alamu, sindinabwere kudzakangana. Mwamusunga bwino munthuyu zaka zonsezi, ndikuvomereza. Koma sangafere pakhola la mbuzi ngati alibe kwawo. Ndabwera kudzamutenga."

Mayi adayamba kusalaza mphasa ndi chikhatho. Bambo ndiwo adayankha.

"Achemwali, mapeyala awa ndinabzala ndine. Ku Nchema ndikadziwako njira iti? Kuno phazi langa likudziwa mwala uliwonse."

"Phazi lake liti? Lomwe mukuti silikumva kanthulo?"

"Silikumva, koma likukumbukira."

"Likukumbukira njira yopita kukhola, ndaona," adatero azakhali. Adaseka okha, kenaka adapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Adali kuwakonda mlongo wawoyo, ndipo n'chifukwa chake zidali zovuta kuwatsutsa.

Ndidapempha kuti andilole kuyankhula. Ndidati vuto lenileni ndi limodzi, loti bambo satha kusiyanitsa mabotolo. Ndidapempha kuti andipatse tchuthi changa chonse, ndipo ngati pofika nthawi yotsegulira bambo adzakhale akulepherabe, palibe adzakanize ulendo wa ku Nchema.

"Iwe mwana wa sukulu, uli ndi maso ogulitsa?" adafunsa azakhali.

"Ayi, azakhali. Ndili ndi makina."

"Chabwino. Ndidzabwera usanapite. Ndidzawayesa ndekha, ndipo akadzaphonya ngakhale kamodzi, kabaza adzakhala ali poteropo."

Makinawo sadali anga. Adali a mnzanga wogona naye chipinda chimodzi kukoleji, mtsikana wa ku Mzimba, yemwe ankapangira tokolekera makiyi ndi timalemba tozika pamakeke a ukwati. Poopa kuti angawonongeke m'basi pa ulendo wautali, adawasiya m'manja mwanga ndipo adandiloleza kuwagwiritsa ntchito. Ndi chimango cha zitsulo zinayi, chokula ngati thebulo laling'ono lopanda miyendo. Pamwamba pake pamayenda kamutu kotulutsa kuwala kwabuluu kopyapyala kuposa singano, komwe amati leza. Munthu amajambula chomwe akufuna palaputopu, ndipo kamutuko kamalondola chojambulacho kakuwotcha chilichonse chomwe chaikidwa pansi pake. Zoti munthu alamule ndi ziwiri: mphamvu ya kuwalako ndi liwiro la kamutu. Ukakathamangitsa kamangodinda pamwamba, ukakachedwetsa kamaboola mpaka kuseri. Ndidawaika pakhonde lakuseri kuti utsi uzipita ndi mphepo, ndidakoka waya wamagetsi kudzera pawindo, ndipo ndidavala magalasi obiriwira otchinjiriza maso. Bambo adamva kulira kwa kamutuko n'kunena kuti kukufanana ndi udzudzu womwe wapeza ntchito yaboma.

Ndidayambira pa katoni ya sopo, kuti dzanja lizolowere. Katoni imadulika mosavuta, koma ukangochedwetsa pang'ono imabuka moto, ndipo tsiku loyambalo ndidazimitsa kamoto ndi nsanza yonyowa. Sindidadandaule, pakuti ndinkadziwa kuti katoni singakhalitse m'thumba la jekete. Chomwe ndinkadalira ndi zidutswa za pulayiwudi zomwe kalipentala wina wa pa Njuli adandilola kutola pansi pa benchi lake. Ndidadula timatabwa titatu tokula ngati bokosi la machesi. Pa koyamba ndidadinda dzuwa likutuluka kuseri kwa phiri, pa kachiwiri dzuwa lili pamutu, pa kachitatu mwezi. Pansi pa chithunzi chilichonse ndidalemba nthawi yake ndi zilembo zikuluzikulu, poganiza kuti munthu yemwe adawerenga mawu m'tchalitchi zaka zambiri sangalephere kuzindikira chilembo ndi chala. Zidatuluka zokongola, mizere yake yabulauni ngati yolembedwa ndi inki.

Bambo adazisisita ndi chala chachikulu, mbali iyi ndi iyo.

"Mwamva chiyani, bambo?"

"Ndamva kuti mwana wanga wagwira ntchito."

"Koma pajambulidwa chiyani?"

"Zabwino zokhazokha," adatero.

Lamulungu masana, titabwera ku Misa, mayi adamangirira timatabwato kumabotolo n'kumawapatsa bambo limodzilimodzi. Adalondola kamodzi, n'kuphonya kawiri, ndipo tonse tidadziwa kuti ngakhale kamodzi kaja kadali kongolota. Mayi adapita kukasankha tomato wa m'mawa mwake.

Ndidaganiza kuti mizereyo ndi yosaya. Ndidachedwetsa kamutu mpaka mizere idazama ngati ngalande, koma sizidasinthe kanthu. Ndidasiya kudinda n'kuyamba kudula maonekedwe enieniwo: chozungulira, cha ngodya zitatu, cha ngodya zinayi. Pulayiwudi ili ndi khalidwe lake. Mkati mwake muli guluu yemwe sapsa mofanana ndi thabwa, moti pena kuwala kunkadutsa bwinobwino, pena n'kukakamira, ndipo ndinkayenera kubwereza mzere womwewo kangapo mpaka m'mphepete mutada ngati makala. Magetsi akathima ntchito ili pakati, kamutu kankaiwala pomwe kadalekera, ndipo chidutswacho chinkatayika. Nditapeza zitatu zabwino, bambo adazifumbata m'manja nthawi yaitali.

"Ndikumva kuti pali kanthu," adatero. "Koma kaya ndi dzuwa lako lija, kaya ndi chitsekerero cha botolo, zala zangazi sizikundiuza."

Pamenepo ndidasintha maganizo. Ndidati ngati zala sizikumva maonekedwe, mwina zimva kusiyana kwa chofewa ndi cholimba. Ndidatenga lamba wakale wachikopa n'kumuika pansi pa kamutu. Chikopa chimadulika bwino ndithu, m'mphepete mwake mosalala, koma fungo lake ndi la mbuzi yowawulidwa pamoto. Mayi woyandikana nafe uja adasuzumira pampanda.

"Odi kuno! Mwapha mbuzi osatiuza? Kapena mukudyera kuseri poopa ife?"

"Ndi lamba wanga akuwotchayo," adayankha bambo ali pakhonde. "Mukafuna msuzi wake bwerani ndi mbale."

Kuwonjezera pa thabwa ndi chikopa, chachitatu ndidafuna chikhale cha pulasitiki, choncho ndidadula chibenthu cha ndowa yosweka. M'malo modulika chidasungunuka, utsi wake n'kundikanda pakhosi. Nditamuimbira mwini makina adandikalipira. Adati mapulasitiki ena amatulutsa utsi wapoizoni womwe umawononga mapapo a munthu ndi kudya zitsulo za makina, ndipo ngati sindikudziwa mtundu wake ndisayerekezenso. Ndidamvera. Ndidayesa chivundikiro cha chitini, koma kuwala kudangochotsa utoto, chitsulo osachikhudza. Chikopa ndi thabwa zidathandiza pang'ono masana kukatentha, koma m'mawa wa chiperoni, zala zitauma ndi chisanu, bambo sankasiyanitsa ngakhale zimenezo. Ndipo m'mawa ndiyo idali nthawi ya mankhwala oopsa aja.

Tchuthi chidapitirira theka. Azakhali adaimba foni kunena kuti chipinda cha bambo achizira kale ndipo chauma. Chomwe chidandipweteka kwambiri si foniyo ayi, koma zomwe zidayamba kuchitika pakhomo. Mayi adachapa bulangete la bambo tsiku lomwe silidali lochapa. Bambo adayamba kundiuza, ngati nkhani wamba, mbuzi yoyenera kugulitsidwa ndi yoyenera kusungidwa, ndiponso munthu yemwe angatsogolere mphakati iwo akachoka. Ndidawauza kuti sindikufuna kumva zimenezo. Adati munthu amakonzekera. Ndidati akonzekere okha, ine ndikadali pa ntchito. Tsiku lililonse magetsi akayaka ndinkakhala kuseri kuja, ndikuyesa zazikulu, zamano, zabowo pakati, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti ndikungozungulira pamalo amodzi.

Tsiku lina masana magetsi adathima, ndipo ndidapita kukakhala pakhonde lakumaso pomwe bambo ankapemphera korona. Ndidawaonapo akupemphera chotero kuyambira ndili mwana, koma tsiku limenelo ndidalibe chochita china koma kuwayang'ana. Munthu amapsompsona mtanda poyamba ndi pomaliza. Bambo sankatero. Akatha Tikuoneni Maria aliyense ankakweza korona n'kugunditsa mkanda pamlomo wam'munsi, kenaka n'kupitiriza. Pena ankaugunditsa kawiri, ndipo akatero ankayamba Atate Athu. Ndidadikira mpaka adamaliza.

"Bambo, bwanji mukupsompsona mkanda uliwonse?"

Adayamba kukulunga korona m'chikhatho.

"Wandigwira," adatero motsitsa mawu. "Sindikupsompsona. Ndikufunafuna mkanda waukulu. Zala zinasiya kundiuza chaka chatha, koma mlomo ukadali moyo. Kumphakati akuti ndafika pa uyera wina. Amayi ena ayamba kunditsanzira. Usakawauze."

Ndidathamangira kuseri n'kubwera ndi zidutswa za pulayiwudi zija. Ndidawapempha kuti agunditse chimodzi pamlomo. Adazengereza, kenaka adatero.

"Ichi n'chozungulira."

Ndidawapatsa china.

"Ichi chili ndi ngodya. Imodzi, ziwiri, zitatu." Adalavula. "Koma n'chowawa, ndipo chikununkha utsi."

Milomo yawo idali itada bii ndi mwaye. Ine ndinkaseka, misozi ikutsika, koma iwo sadaseke. Adandibwezera zidutswazo.

"Ayi, mwanawe. Korona ndi korona. Koma kuti ndizikhala pamaliro, pakati pa anthu, n'kumatulutsa timatabwa n'kumaika kukamwa ngati mwana wokwawa? Maso ndataya, ulemu usanditayitsenso. Bola ndipite ku Nchema."

Sindidawatsutse tsiku limenelo. Ndidadikira mayi, ndipo m'mawa mwake, popeza adapumula ku msika, tidakhala atatu padzuwa. Ndidanena kuti ngati anthu sadabwa munthu akamapsompsona mtanda kapena mendulo, ndiye kuti zizindikirozo zikhale zooneka ngati zimenezo. Cha m'mawa chikhale chozungulira ngati mendulo. Cha masana chikhale mtanda, pakuti belu la kumishoni limalira masana kuitanira anthu ku pemphero la Mngelo wa Ambuye, ndipo nthawi ya mankhwalawo ndi yomweyo. Woona aziti mkulu wa mphakati akudalitsa mankhwala ake asanamwe.

"Kodi kumeneko si kumunamiza Mulungu?" adafunsa bambo.

"Mwakhala mukuwanamiza amayi a mphakati chaka chathunthu," adatero mayi. "Ndipo mukapsompsona mtandawo, pempheraninso zenizeni. Akukanizani ndani?"

Bambo adaseka kwa nthawi yoyamba m'masiku ambiri. "Nanga cha madzulo?"

"Chikhale chamano ngati macheka," ndidatero.

"Chimenecho ndidzachitcha achemwali."

Funso lomwe lidatsala lidali la chinthu choti chizigunda pamlomo wa munthu katatu patsiku. Pulayiwudi idali yowawa ndi guluu, ndipo mwaye wake sunkatha ngakhale nditaupala. Chikopa bambo adachikana asanachigunditse n'komwe. Ndidayesa nsungwi. Idadindika bwino koposa zonse, koma ndikaidula m'mphepete mwake munkatsala timinga tosaoneka, ndipo kamodzi kadandilasa mlomo pomwe ndinkayesa ndekha. Ndidawafotokozera bambo zonsezi.

"Pa zinthu zonse za pakhomo pano," adatero, "chomwe mlomo wanga udazolowera ndi chikho. Ndamwera thobwa kuyambira ndili mnyamata, sichinandilasepo."

Mayi adakwera pampando n'kutsitsa chipanda chachikulu chomwe chidali patsindwi la khitchini. Chidang'aluka kalekale, koma sadachitaye chifukwa mphonda yake adabzala ndi bambo, m'mbali mwa nkhokwe, maso awo akadali bwino. Khungu lake lidali lolimba, losalala, lofiirira ndi utsi. Mayi adati ndi mpeni munthu sangasemepo kanthu kakang'ono ngati mtanda, chifukwa chipanda chouma chimathetheka. Kuwala sikukankha ndipo sikugogoda, choncho ndidali ndi chiyembekezo.

Chipanda chidandivutitsa kuposa zonse zomwe ndidayesa. Makinawa amafuna chinthu chathyathyathya, chifukwa kuwala kumakhala kwakuthwa pamtunda umodzi wokha kuchokera pakamutu. Chipanda n'chokhota paliponse. Chibenthu choyamba chidapserera pakati pomwe padali potukuka, m'mbali osadulika n'komwe. Chachiwiri chidagwedezeka kamutu kali pakati pa ntchito, ndipo mtanda udatuluka ndi mkono umodzi wopindika. Chachitatu chidayaka kunsi, chifukwa mkati mwa chipanda muli chofewa chonga thonje chomwe chimagwira moto msanga. Ndidaphunzira pang'onopang'ono. Ndinkacheka kaye ndi macheka zibenthu zokula ngati chikhatho, kuchokera pamimba pa chipanda pomwe kukhota kuli kochepa. Ndinkapala chofewa chija ndi supuni mpaka patatsala khungu lolimba lokha. Ndinkatsamiritsa chibenthucho pa zitsekerero za mabotolo n'kuchipana ndi mapegi ochapira kuti chisasunthe. Ndidachepetsa zizindikirozo kuti chilichonse chikwane pamalo osakhota kwambiri. Ndipo m'malo mowotcha kamodzi ndi mphamvu zonse, ndinkadutsa mzere womwewo mobwerezabwereza ndi mphamvu yapakatikati, ndikupumitsa pakati kuti chizizire. Utsi wake unkanunkhira ngati nthanga za maungu zokazinga, moti mayi woyandikana nafe uja sadadandaulenso.

Mtanda woyamba wabwino utagwa kuchokera m'chibenthu chake, ndidaukwecha m'mphepete ndi sandipepa mpaka kuda konse kudachoka, ndidautsuka ndi sopo, n'kuuyanika padzuwa. Ndidatseka maso n'kuuyesa pamlomo wanga. Udali wosalala, wosawawa, ndipo mikono yake inayi inkamveka bwinobwino. Ndidachita chimodzimodzi ndi chozungulira ndi chamano, mano ake ndidawabuntha kuti asakande. Chilichonse chidali ndi kabowo pamwamba, ndipo ndidachimangirira kukhosi kwa botolo lake ndi twaini wolimba, mfundo yake ndidaimata ndi guluu. Nditatero ndidapanganso zina zambiri zosungira, kufikira chipanda chidatha.

Masiku otsalawo tidawathera pa kuzolowera. Ndinkasokoneza mabotolo m'thumba la jekete, ndipo bambo ankatulutsa limodzi, n'kugunditsa, n'kutchula. Poyamba ankachita mwamanyazi, atatembenukira kukhoma. Kenaka adayamba kuchita poyera. Tsiku lina ndidawaperekeza kumaliro m'mudzi woyandikana nawo, ndipo belu la masana litalira ndidawaona akutulutsa botolo, kugunditsa, kulibweza, kutulutsa lina, kupsompsona mtanda, n'kupempha madzi. Bambo wina wokhala pambali pawo adavula chipewa.

Azakhali adabwera Loweruka lomaliza ndisanabwerere kukoleji. Monga adalonjezera, wakabaza adamuuza kuti adikire pansi pa mtengo wa peyala. Mayi sadapite ku Limbe tsiku limenelo. Azakhali adalandira mabotolo, adawatembenuza uku ndi uku, n'kununkhiza chimodzi mwa zibenthuzo.

"Makina onse aja atulutsa chikho chosweka?"

"Eya, azakhali."

"Sukulu yake ndi imeneyi," adatero, koma adali akusisita mtandawo ndi chala.

Adaika mabotolo m'chitenje pamiyendo pawo n'kuwasokoneza. Adapereka loyamba.

"La m'mawa," adatero bambo.

Lachiwiri.

"La masana."

Adabweza onse m'chitenje, n'kuperekanso lomwe lija la masana.

"Lomweli. Mukufuna kundikola, achemwali?"

Adapereka lachitatu. Bambo adaligunditsa n'kumwetulira.

"Awa ndinu."

"Ndine bwanji?"

"Chamano."

Mayi adabisa nkhope m'chitenje. Azakhali adati anthu a m'mudzi uno amuwononga mlongo wawo, kale adali ndi ulemu. Adapitiriza kuyesa, mofulumira, mosinthasintha, pena akuwayankhulitsa nkhani zina kuti asokonezeke. Bambo sadaphonye. Ine ndidayamba kupuma bwino, poganiza kuti zatha. Koma azakhali adamasula kampeni komwe amamanga pansonga ya mpango, ndipo mwakachetechete adadula twaini wa botolo la m'mawa, chizindikiro n'kugwera m'chitenje. Adandiyang'ana ndi diso londiletsa kuyankhula. Zimenezi sitidaziyeserepo ngakhale kamodzi. Adawapatsa bambo botolo lopanda chizindikirolo.

"Nanga ili? Tinene kuti kwacha, alamu apita ku Limbe, muli nokha."

Bambo adalikweza kukamwa. Adalizunguliza pamlomo, kukhosi kwake, kuchivundikiro, kunsi. Adatulutsa mawu a kukhosi, n'kupempha mabotolo ena awiri aja. Adagunditsa lina, mtanda. Adagunditsa linalo, mano. Aliyense akadatha kuona kuti lotsalalo ndi la m'mawa, ndipo ndidayembekeza kuti atero. Adaliika pansi pambali pa phazi lawo.

"Mwina ndi la m'mawa. Koma sindikudziwa yemwe walibweretsa, ngakhale zomwe zili m'katimo. Ili sindimwa. Ndipita nalo kwa amayi a kuseri kwa mpandawa akandiwerengere, apo ayi lidikira amake mwana."

Azakhali adatola chizindikiro chija m'chitenje, adandipatsa, n'kunena kuti ndichimangirirenso bwino, twaini wanga ndi wofewa. Kenaka adaitana wakabaza uja n'kumuuza kuti abwere adzamwe thobwa, chifukwa abwerera ndi munthu mmodzi yekha.

"Koma mumve, achimwene," adatero atatembenukira kwa bambo. "Chipinda chija sindichipereka kwa wina. Mukadzagwanso sindidzafunsa munthu."

"Ndamva."

"Ndipo nandolo akacha mubwere mudzadye, osadikira kuti ndichite kukutengani ngati katundu."

Mayi adadzuka kukatenga thobwa. Podutsa pambali panga adandigwira phewa, ndipo madzulo ake ndidaona bulangete lija labwerera pabedi.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndidapukuta mwaye pakamutu ka makina, ndidamasula zitsulo zake n'kuzikulunga m'chitenje kuti ndikabweze kwa mwini wake. Zizindikiro zotsala ndidaziika m'chitini cha tiyi pamodzi ndi twaini, ndipo ndidawaonetsa mayi mfundo yake. Bambo adaumirira kundiperekeza mpaka pamsewu, iwo patsogolo ndi ndodo, ine pambuyo ndi katundu. Minibasi idachedwa kudzaza. Tidakali chiimire pa Njuli, belu la masana lidamveka chapatali. Bambo adapisa dzanja m'thumba, adatulutsa botolo, adaligunditsa n'kulibweza. Adatulutsa lina, adapsompsona mtanda, milomo yawo idayenda pang'ono, kenaka adandipempha madzi a m'botolo langa. Kondakitala, yemwe adali akukuwa za Limbe, adadikira mpaka atameza.